Chifu, matumbo ndi nthumbwana: mayina ake, malamulo ake ndi kaphikidwe kake

Mbuzi ikazingidwa pakhomo, kaya ndi pa Idi, pa aqiqa, pa nikah kapena pa sadaka, mphika woyamba kukhala pamoto sukhala wa mnofu ayi. Umakhala wa zam'kati. Abambo akadali kusenda ndi kudula miyendo, amayi amakhala atanyamula kale beseni la chifu ndi matumbo kupita nalo kuseri kwa nyumba. Kuno kwa Mponda, kumene ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku ndi usipa, utaka ndi kambuzi wa m'madzi, tsiku lozinga chiweto silibwerabwera, ndipo likafika palibe amene amafuna kuti kanthu katayike.

Komabe gawo limeneli la chiweto ndi limene limabweretsa mafunso ambiri tikakhala pa darsi. Ena amafunsa ngati chifu ndi chololedwa kudya poti mumakhala zonyansa. Ena amafuna kudziwa ngati munthu wakwaniritsa Qurbani yake atagawira osauka nthumbwana zokhazokha. Achinyamata athu amene ali ku Joni amafunsa za mapaketi olembedwa kuti tripe amene amawaona m'masitolo. Mafunso onsewa amayambira pa mawu, choncho nafe tiyambire pomwepo.

Mawu ake

Tikati zam'kati kapena zam'mimba timatanthauza zonse zimene zimatuluka chiweto chikatumbulidwa: chiwindi, mtima, mapapo, impso, kapamba, chifu ndi matumbo. Chifu ndi thumba limene chakudya chimafikira chikamezedwa. Matumbo ndi chingwe chachitali chija chochokera kuchifu kukafika potulukira ndowe. A mbuzi yaikulu, ang'onoang'ono okha, amatha kufika mamita 20 mukawatambasula. Udzu wogayika mwatheka umene umapezeka m'chifu ndiwo chipwidza. Nthumbwana si chiwalo chimene mungachiloze m'thupi la mbuzi. Ndi dzina la kumphika: tizidutswa ta chifu tokulungidwa ndi matumbo ang'onoang'ono, tomangidwa ngati kamtolo. Pamsika dzinali lakula, moti wogulitsa akamaitanira nthumbwana nthawi zina amatanthauza zam'kati zonse za mbuzi zophikidwira pamodzi.

Liwu la Chingerezi lakuti tripe ndi lopapatiza kuposa athuwa. Limatanthauza chifu cha nyama zobzikula, makamaka ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi, chitatsukidwa kuti chidyedwe. Matumbo salowamo. Angerezi analitenga liwuli ku Chifalansa cha m'ma 1300, ndipo abale ake alipo m'zinenero zoyandikana nazo: trippa ku Italy, tripas ku Portugal ndi ku Spain, ngakhale kumeneko tripas amaphatikizanso matumbo. Chochititsa chidwi ndi chakuti Mngelezi akamva zolankhula zopanda mutu, kapena akawerenga nkhani yachabechabe, amati ndi tripe. Ophunzira athu a kusekondale akalipeza liwuli m'nkhani ya Chingerezi asathamangire kuganiza za ndiwo. Nthawi zambiri pamenepo wina akunyozedwa.

Kwa Aarabu zinayenda mosiyana. Chifu cha nyama yobzikula amachitcha karish kapena kirsh, ndipo liwuli linapeza ulemu waukulu. Imam Bukhari anasunga Hadith yochokera kwa Anas bin Malik (r.a) yofotokoza kuti Mtumiki (swallallahu alaihi wasallam), pa matenda ake omaliza, anakwera pa mimbari nalangiza Asilamu kuwachitira zabwino ma Ansar a ku Madina. Powatamanda anawatchula ndi liwu lomweli, karish, pamodzi ndi liwu lina lotanthauza chikwama chosungiramo zovala zamtengo wapatali. Ma ulama pomasulira amati ankanena za anthu ake apamtima, amene amawadalira ndi kuwasungitsa zinsinsi, monga mmene chiweto chimadalirira zimene chasunga m'chifu. Chiwalo ndi chimodzi chomwecho, kwina chasanduka chitonzo, kwina chiyamikiro.

Chipwidza nachonso chili ndi dzina lake m'Chiarabu, farth, ndipo chatchulidwa mu Qur'an yolemekezeka, mu Surat An-Nahl ndime 66, pamene Allah Ta'ala akutilozera ku mkaka wa ziweto kuti tilingalire mmene umatulukira uli mbee m'thupi lodzaza chipwidza ndi magazi. Amene anatumbulapo ng'ombe ndi manja ake amaimvetsa ndime imeneyi kuposa amene anangoiwerenga.

Zipinda zinayi

Anthu amakonda kunena kuti ng'ombe ili ndi zifu zinayi. Zoona zake n'zakuti chifu ndi chimodzi, koma chili ndi zipinda zinayi, chilichonse ndi maonekedwe ake, ntchito yake ndi kakomedwe kake. M'mabuku a sayansi ndi a ulimi mayina ake ndi rumen, reticulum, omasum ndi abomasum.

Chipinda choyamba ndicho chachikulu, ndipo khoma lake lam'kati lili ndi timinofu tambirimbiri tonga ubweya wa thaulo. Mu ng'ombe yaikulu chimatha kusunga malita opitirira 100. Muno mulibe asidi wogaya chakudya ngati m'mimba mwa munthu. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaphwanya udzu umene thupi la ng'ombe palokha silikanatha kuugaya. Chiweto chimameza udzu mothamanga, kenaka chikagona pamthunzi chimaubwezera kukamwa n'kuutafunanso. Kumeneko ndiye kubzikula.

Chachiwiri ndi chaching'ono, chojambulika ngati chisa cha njuchi. Ophika ambiri amachikonda chifukwa chimafewa bwino ndipo timaenje take timagwira msuzi. Ndimonso mmene zimagwera zinthu zolemera zimene ng'ombe yameza: misomali, mawaya, timiyala. Chipindachi chili kufupi ndi mtima, moti msomali ukaboola khoma lake umatha kukafika kumtimako ndi kupha ng'ombe. Wotsuka ayang'ane kaye asanalowetsemo dzanja.

Chachitatu ndi chobulungira, cholimba, ndipo mukachidula mumapeza masamba opyapyala osanjikizana ngati a buku. Ntchito yake yaikulu ndi kuyamwa madzi m'chakudya. Ndicho chovuta kutsuka kuposa zonse, chifukwa chipwidza chimaumirira pakati pa masambawo, ndipo tsamba lililonse limafuna kutembenuzidwa palokha. Chachinayi ndicho chofanana ndi chifu chathu, chosalala, choterera, chokhala ndi asidi. M'chipinda chimenechi, mwa kamwana ka ng'ombe kapena ka mbuzi koyamwa, ndimo mumachokera chinthu chimene opanga tchizi amaundanitsira mkaka, chotchedwa infaha m'mabuku a Fiqh. Ma ulama a Shafi'i amachiyesa choyera ngati kamwanako kanazingidwa mwa Chisilamu kasanayambe kudya china kupatula mkaka.

Ngamila imabzikula koma zipinda zake ndi zitatu. Nkhumba ili ndi chimodzi chokha, chopanda ubweya wa thaulo kapena chisa cha njuchi, ndipo mfundo imeneyi tiifunanso posachedwapa.

Kodi ndi halaal?

Lamulo lake silovuta. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ikazingidwa mwa Chisilamu, kuzingako kumaloleza thupi lonse, kunja ndi m'kati momwe. Chimene Qur'an yaletsa m'chiweto chotero ndi magazi othamanga, aja otuluka pozinga, monga zilili mu Surat Al-An'am ndime 145. Otsalira m'mitsempha ndi mumnofu ndi okhululukidwa. Chiwindi ndi kapamba, ngakhale zimaoneka ngati magazi oundana, zinalolezedwa mwapadera mu Hadith ya Abdullah bin Umar (r.a) imene anailandira Imam Ahmad ndi Ibn Majah, yomwe ija imatiloleza nsomba ndi dzombe popanda kuzinga. Choncho m'madhihabu a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife kuno kunyanja timatsatira, chifu ndi matumbo ndi halaal zikayeretsedwa.

Abale athu otsatira madhihabu a Imam Abu Hanifa, monga ambiri mwa Asilamu achimwenye a ku Limbe ndi ku Lilongwe, amatchula zinthu zisanu ndi ziwiri zosadyedwa m'chiweto chozingidwa: magazi othamanga, ziwalo zitatu zoberekera, ziwiri za yaimuna ndi chimodzi cha yaikazi, chikhodzodzo, ndulu ndi anabere. Umboni wawo ndi nkhani yochokera kwa Mujahid, mmodzi wa ma Tabi'in, imene ma ulama a Shafi'i sanaitenge kukhala choletsa chifukwa unyolo wa oilandira ndi woduka. Chifu mulibe pa mndandandawo. Ma Sheikh ena a ku India ndi Pakistan anachifanizira ndi chikhodzodzo poti nachonso chimasunga zonyansa, nachiyesa makruh, koma a Hanafi ambiri amachiloleza. Tikakhala pa mphasa imodzi ndi mlendo amene sakudya chifu, tisamukakamize; ali ndi ma ulama ake amene akuwatsatira.

Pamene pali ngozi yeniyeni si pa chifu chenichenicho koma pa kumene chachokera. Chifu cha chiweto chofa chokha, chibudu, ndi haraam monga mnofu wake, ngakhale chitatsukidwa kakhumi. Pamsika wa pa boma la Mangochi ozinga ambiri timawadziwa, koma m'mizinda ikuluikulu zam'kati zimadutsa m'manja ambiri zisanafike pachiwaya, ndipo zikadulidwa n'kukazingidwa m'mafuta amodzi, matumbo a mbuzi ndi a nkhumba ndi ovuta kuwasiyanitsa. Chifu chokha ndicho chimadziulula: mukaona ubweya wa thaulo, chisa cha njuchi kapena masamba a buku, chimenecho ndi cha nyama yobzikula. Koma zimenezo zangokuuzani mtundu wa nyama, sizinakuuzeni amene anazinga, kapena zimene zinakazingidwa m'mafutawo inu musanafike. Abale athu a ku Joni akumbukirenso kuti soseji, ngakhale yolembedwa kuti ndi ya ng'ombe, nthawi zambiri imapakiridwa m'matumbo a nkhumba. Yokhala ndi chidindo cha halaal imapakiridwa m'matumbo a nkhosa kapena m'chikopa chochita kupanga.

Kodi chifu ndi nyama?

Funsoli likumveka ngati la ana, koma akatswiri a Fiqh analikambirana mozama. Imam Nawawi, amene anamwalira mu 1277, m'buku lake la Minhaj at-Talibin pa mutu wa malumbiro, anasankha maganizo akuti munthu amene walumbira kuti sadya nyama, ndiye n'kudya chifu, chiwindi, kapamba kapena mtima, sanaswe lumbiro lake, chifukwa pa kalankhulidwe ka anthu zimenezi zili ndi mayina akeake. Ngakhale kwathu kuno zili choncho. Mwana mutamutuma kilo ya nyama kubutchala, iye n'kubwera ndi matumbo, mungamubweze.

Tanthauzo limeneli lili ndi zotsatira zake pa Qurbani. M'madhihabu a Shafi'i, wozinga Qurbani ya sunnah ayenera kupereka kwa osauka gawo la nyama yaiwisi, ngakhale lochepa, ndipo mabuku amanena mosapita m'mbali kuti chikopa, chifu kapena chiwindi sizikwanira pa udindo umenewu. Zophikaphika nazonso sizikwanira, chifukwa wosauka ayenera kulandira chinthu chimene akhale nacho ufulu, kuphika lero, kufutsa, kapena kugulitsa kuti agule ufa. Munthu amene wasunga miyendo yonse inayi ndi msana m'nyumba mwake, n'kutumiza mbale za nthumbwana zophika kwa amasiye a pamudzi, wachita sadaka yabwino, koma udindo wa Qurbani sanautule. Zam'kati zipite ngati zoonjezera pamwamba pa mnofu. Ma ulama amatinso mwini Qurbani akafuna kudyako nthuli zochepa pofuna madalitso, ndi bwino zikhale za chiwindi. Ikakhala Qurbani ya nadhiri, imene munthu anailonjeza yekha kwa Allah, yonse ndi ya osauka, ndi chifu chomwe.

Pali chizolowezi china chofala m'midzi mwathu, chogwirizana ndi wosenda kuti malipiro ake akhale mutu, mang'ina kapena zam'kati. Pa mbuzi ya ukwati kapena yogulitsa palibe vuto, bola mwagwirizana poyera. Pa Qurbani sizololedwa. Imam Bukhari ndi Imam Muslim analandira kuchokera kwa Ali bin Abi Talib (r.a) kuti Mtumiki (s.a.w) atamuika kuyang'anira ngamila zake za nsembe, anamulamula kugawa nyama ndi zikopa zomwe, ndi kusapereka kanthu ka m'menemo kwa wosenda ngati malipiro, malipirowo anachokera m'thumba. Chifukwa chake n'chomveka: kulipira munthu ndi gawo la Qurbani kuli ngati kuligulitsa gawolo. Mulipireni ndalama zake zokwanira, ndipo mukatero mukhoza kumupatsa chifu ngati mphatso kapena sadaka, monga mmene mungapatsire wina aliyense.

Kutsuka

Apa ndiye pagona ntchito, ndipo imayamba mpeni usanafike pakhosi. Chiweto chimene chagonera madzi okha usiku wotsatizana ndi tsiku lozinga chimakhala ndi chifu chopepuka, chosavuta kutulutsa. Madzi asachimanidwe. Potumbula, mpeni uyang'ane kumwamba kuti usaboole chifu, ndipo kum'mero ndi kumatumbo akumapeto kumangidwe ndi kachingwe kuti chipwidza ndi ndowe zisathire mnofu. Ndulu ichotsedwe pachiwindi yosaphulika. Ikaphulika sikuti yangowawitsa chiwindi chokha; madzi ake ndi najisi, ndipo pamene yakhudza pafunika kutsuka.

M'madhihabu a Shafi'i chipwidza ndi ndowe ndi najisi ngakhale zikhale za chiweto chodyedwa. A Maliki ndi a Hanbali amaona ndowe za ziweto zodyedwa kukhala zoyera, koma ife sitili pamenepo. Chifu chenichenicho si najisi, chinangokhudzana ndi najisi, ndipo chimayera ndi madzi. Muyezo wake ndi womwe uja timaphunzitsa ana kumadrasa pa mutu wa twahara: zichoke zonyansa zenizenizo, kukoma kwake, mtundu wake ndi fungo lake. Mukayesetsa ndithu n'kutsala kafungo kokha, kapena kamtundu kokha kokanirira, zakhululukidwa. Kukoma kwa chipwidza kukatsala, kapena mtundu ndi fungo zikatsalira pamodzi, chifucho sichinayere.

Pali mfundo ina imene ambiri amaiphonya. Madzi osakwana ma qulla awiri, omwe ndi pafupifupi dramu ya malita 200, amasanduka najisi najisi ikangogweramo, ngakhale asasinthe mtundu. Ndiye kuti munthu amene wadzaza beseni, n'kuviikamo chifu chokhala ndi chipwidza, n'kumachitembenuza m'madzi omwewo, wadetsa madzi ndipo chifu chake chikadali chodetsedwa. Njira yake ndi yakuti madzi apite kuchifu, osati chifu kupita kumadzi. Khutulani chipwidza m'dzenje, kutali ndi pamene pali mnofu, kutumulani chifucho, palani zotsalira, kenaka wina azithira madzi ndi kapu kapena jagi, wina akutikita, madziwo akuyenderera kupita pansi. Kuviika kubwere pambuyo pake. Chipwidza chokwiriridwacho ndi manyowa abwino a kudimba. Ndipo amene wagwira ntchitoyi asinthe zovala asanaime pa swala, chifukwa madontho ake saoneka onse.

Wina anganene kuti ife tili ndi mwayi, poti Shire ndi nyanja zili pakhomo, ndipo madzi ake ndi ochuluka kupitirira ma qulla awiri kutalitali. Pa Fiqh akunena zoona: chifu chotsukidwa mumtsinje chayera. Komabe sitikulimbikitsa zimenezi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 ku Machinga unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Moto udzapha tizilombo ta pachifu, koma manja, mipeni ndi mabeseni sizilowa mumphika. Woimirira m'madzi a m'mabango nthawi yaitali akuitana likodzo, ndipo fungo la magazi padooko la Shire limaitana ng'ona. Kuonjezera apo, padooko pomwepo ena amatunga madzi akumwa, ndipo Mtumiki (s.a.w) analetsa mwamphamvu kuipitsa malo otungapo madzi. Madzi a pamjigo kapena a pampopi, otungira m'ndowa, ndiwo oyenera.

Matumbo amayamba afinyidwa ndi zala kuchokera kumtunda kutsikira kumunsi, kenaka amatembenuzidwa ndi kabango kosalala, kapena kung'ambidwa m'litali ngati ndi akuluakulu. Mchere, mandimu kapena madeya zimachotsa kuterera ndi fungo. Sopo waufa wochapira zovala asayandikire. Amalowerera m'timinofu tija ndipo satuluka yense. Za khungu lakuda kapena lobiriwira la m'kati mwa chifu anthu amatsutsana, ena amati ndi ndowe zokanirira. Si ndowe. Ndi khungu la chifu lenilenilo, limene ladetsedwa mtundu ndi zakudya za chiweto, ndipo likatsukidwa ndi loyera pa Sharia. Wolifuna loyera aviike chifu chotsukatsuka m'madzi otentha kwambiri kwa kanthawi, n'kupala ndi supuni. Limasupuka ngati khungu la chinangwa. Ife pa chifu cha mbuzi timaona kuti kupala kumachotsa theka la kukoma. Chifu choyera mbuu cha m'mapaketi a m'masitolo chinapalidwa kufakitale, chinayeretsedwa ndi mankhwala ndipo nthawi zambiri chinawiritsidwako kale, n'chifukwa chake chimapsa msanga koma chimazizira mkamwa.

Zimene diso liyenera kuona

Zam'kati ndizo zimaulula thanzi la chiweto, ndipo alangizi a ziweto akamayeza nyama asanaidinde amayambira kumeneko. Ng'ombe zodya m'madambo a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe kawirikawiri zimapezeka ndi tinyongolotsi tofiirira, tonenepa, tonga njere za mpunga, tomatirira pakhoma la chipinda choyamba. Timachokera ku nkhono za m'madzi, za mtundu wapachibale ndi zimene zimafalitsa likodzo. Sitipatsira munthu matenda. Tipaleni, tsukani, phikani. Chiwindi chokhala ndi mitsempha yoyera yolimba, momwe mukutuluka nyongolotsi zaphanthiphanthi ngati katsamba, chitayidwe. Matumbo a mbuzi okhala ndi timatuza tolimba ngati nsawawa adulidwe pamene pali timatuzapo, ndipo akachuluka atayidwe onse.

Chofunika kusamala nacho kwambiri ndi zotupa zodzaza madzi, zonga mazira, pachiwindi kapena pamapapo. Zimenezi zisaponyeredwe agalu. Galu akadya, nyongolotsi zake zimakulira m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo kudzera m'menemo matendawa amafika kwa ana osewera pabwalo ndi ku ziweto zina. Zitenthedwe kapena zikwiriridwe mozama. Chiweto chimene chagwa mwadzidzidzi, chikutuluka magazi akuda osaundana kumphuno kapena kumbuyo, chisatumbulidwe n'komwe, ngakhale wina atachithamangira ndi mpeni chisanatsirizike. Zimenezo ndi zizindikiro za anthrax, matenda amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde National Park kumapeto kwa 2018, kumunsi kwa Shire yathu yomweyi, ndipo amapha munthu kudzera m'kusenda ndi m'kudya.

Masiku ano osenda akupezanso majumbo m'zifu za mbuzi za m'tauni, atapotana ngati chingwe. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'misika, ndipo mbuzi imene yadzaza nawo imaonda ngakhale ikudya. Nyama yake ndi halaal. Chiweto chokhalira kudya zonyansa za kudzala mpaka nyama yake kusintha fungo chimatchedwa jallala m'mabuku a Fiqh, ndipo kudya nyama yake ndi makruh kufikira chitatsekeredwa n'kudyetsedwa zoyera mpaka fungolo litatha.

Pamoto

Kumanga nthumbwana kumafuna zala zozolowera. Mumadula chifu m'timizere totalika ngati chala, mumaikapo kachidutswa ka mafuta a m'mimba, mumakulunga ndi thumbo laling'ono kangapo, n'kulowetsa nsonga yake pansi pa mkombero womaliza kuti kasamasuke pakuwira. Omanga molimba kwambiri amapeza m'kati musanapse. Omanga molekerera amapakula zingwe.

Chifu ndi cholimba chifukwa chadzaza ndi ulusi wotchedwa collagen, womwe uli m'mang'ina. Moto waukali wa kanthawi kochepa umaulimbitsa ngati mphira, pomwe moto wofatsa wa nthawi yaitali umausungunula, ndipo ndiwo umapangitsa msuzi kukhala wonata pamilomo. Za mbuzi zimafuna ola limodzi kapena ola ndi theka, za ng'ombe maola awiri kapena atatu, nthawi zina kupitirira ngati inali nkhalamba. Ena amataya madzi oyamba akangowira kuti fungo lichepe. Adyo, jinja ndi mchere zilowe poyamba. Madzi akamauma, zisiyeni zikazingike m'mafuta ake omwe, kenaka anyezi, tomato ndi tsabola wa kambuzi kwa amene amamutha. Kachidutswa ka papaya wamuwisi kamathandiza kufewetsa chifu cha ng'ombe. Chiwindi chisalowe limodzi ndi zinzake. Chimapsa m'mphindi zochepa ndipo chikakhalitsa chimauma ngati khungwa. Ndiwo zimenezi zidyedwe zamoto, ndi nsima kapena mpunga, chifukwa mafuta a mbuzi akazizira amaundana m'kamwa.

Pa thanzi, magalamu 100 a chifu cha ng'ombe chophika ali ndi mapulotini pafupifupi magalamu 12 ndi mafuta pafupifupi magalamu 4, komanso vitamini B12 ndi zinc. Mapulotiniwo ndi ocheperapo poyerekeza ndi a mnofu, koma pa mtengo wake chifu si ndiwo yonyozeka. Mafuta ambiri a mu nthumbwana amachokera ku matumbo ndi ku kachidutswa koikamo kaja, choncho amene adokotala anawaletsa zamafuta adye chifu chokha, matumbo awasiyire ena.

Si ife tokha okonda ndiwo imeneyi. Ku Zimbabwe amati guru ndi matumbu, ndipo zomangamanga zonga nthumbwana zathu amazitcha zvinyenze. Ku South Africa ndi mogodu kapena ulusu, ndipo Asilamu a ku Cape Town amaphika chifu ndi mang'ina mu kare. Ku Tanzania amaphika utumbo ndi nthochi zaziwisi. Ku Turkey msuzi wa chifu, işkembe, uli ndi malesitilanti akeake, ndipo ku Pakistan ojhri ndi ndiwo ya masiku a Idi. Mukaoloka pa Chiponde kulowa ku Mozambique mudzamva za dobrada, chifu chophika ndi nyemba, kaphikidwe kamene anasiya Apwitikizi. Kwawo komweko anthu a mumzinda wa Porto amatchedwa tripeiros, odya zam'kati, ndipo iwo amakamba kuti dzinali linayamba mu 1415, pamene anapereka mnofu wonse ku zombo zimene zinkapita kukalanda mzinda wa Asilamu wa Ceuta, eni ake n'kutsala ndi zifu. Nyemba zija ndi nzeru yoyenera kubwereka: chifu cha mbuzi imodzi chikaphikidwa ndi nyemba chimakwanira banja lalikulu kawiri.

Zam'kati sizichedwa kuonongeka ngati mnofu umachedwera, ndipo kutentha kwa Mangochi mu Okutobala ndi Novembala kumatha kupitirira madigiri 35. Zitsukidwe ndi kuikidwa pamoto tsiku lomwelo, maola ochepa chiweto chitazingidwa. Pogawa Qurbani zisaikidwe mu jumbo imodzi ndi mnofu, makamaka ngati zikupita kutali, monga kuchoka pa boma kukafika ku Makawa pa njinga. Okhala ndi firiji aikemo zotsukatsuka kapena zowiritsa, pokumbukira kuti magetsi amazima. Zotsala mumphika ziwiritsidwenso mpaka kubwadamuka usiku asanagone anthu, ndi m'mawa asanapakule, ndipo zikayamba thovu kapena fungo lowawasa zipite kudzenje kumene kunapita chipwidza.